Loya wa Anthu Onse Ankaimira Ndani?

Mumzinda wa Washington, likulu la dziko la America, munali loya wina dzina lake Edward Bennett Williams. Anabadwa mu 1920 ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut, ndipo anamwalira mu 1988. Kwa zaka zoposa 30, munthu wotchuka zikamuvuta ndi boma, anzake ankamulangiza kuti athamangire kwa Williams. Anaimirapo seneta, mkulu wa zigawenga, mtsogoleri wa bungwe la apantchito, nduna yakale ya zachuma, mkulu wakale wa akazitape, nyuzipepala ya Washington Post komanso chipani cha Democratic. Ine ndine munthu wamba pa zamalamulo, ndipo mbiri ya bamboyu yandisiya ndi mafunso angapo osavuta. Ndiwafunsa poyera, chifukwa akukhudza malo amene aliyense wa ife amadalira tsiku likamuipira, omwe ndi bwalo la milandu.

Funso langa loyamba ndi ili: kodi munthu wabwino angaimire munthu woipa?

Williams anakulira m'banja losauka la Chikatolika. Bambo ake ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu, ndipo ntchitoyo inawathera chuma cha America chitagwa m'zaka za m'ma 1930. Mnyamatayo anaphunzira pa koleji ya Holy Cross, kenako anakachita zamalamulo pa yunivesite ya Georgetown. Moyo wake wonse anali munthu wosaphonya Misa. Komatu dzina lake linayamba kumveka dziko lonse mu 1954, ali ndi zaka 34, pamene anaimira Seneta Joseph McCarthy. McCarthy ameneyu anawonongera anthu ambiri ntchito ndi mbiri powanena kuti ndi achikomyunizimu, nthawi zambiri popanda umboni. Maseneta anzake atatopa naye, anaganiza zomudzudzula mwalamulo, ndipo pa 2 December 1954 anachitadi zimenezo, maseneta 67 kuvomera, 22 kukana. Amene anakhala pambali pake pa nthawi yonse imene maseneta ankamufufuza anali Williams. Pasanapite nthawi yaitali anatenganso milandu ya Frank Costello, mmodzi wa akuluakulu a zigawenga za ku New York, amene boma linkafuna kumuthamangitsira ku Italy komwe anabadwira. Mu 1964 khoti lalikulu la America linagamula kuti boma silingamuthamangitse pa zifukwa zimene linapereka.

Nanga munthu wochokera ku Misa m'mawa amapita bwanji kukalankhulira anthu otere masana? Yankho la Williams linali losabisa, ndipo analifotokoza m'buku lake la mu 1962 lotchedwa One Man's Freedom. Malamulo aakulu a dziko la America amapatsa wozengedwa mlandu aliyense ufulu wokhala ndi loya, ndipo sapatula munthu wodedwa. Loya si woweruza. Ntchito yake ndi kukakamiza boma kuti litsimikize mlandu ndi umboni wopezedwa mwachilungamo. Ngati maloya onse atamukana munthu chifukwa anthu akudana naye, ndiye kuti munthuyo waweruzidwa kale pamsewu, khoti lisanakhale.

Ndikaganiza mofatsa, yankho limeneli ndikulivomera. Mlandu umene wandithandiza kulivomera ndi wa Silverman, wa mu 1961. Apolisi a ku Washington ankakayikira anthu ena kuti akuchititsa juga m'nyumba. Analowa m'nyumba yoyandikana nayo, n'kubaya khoma ndi kachipangizo kosongoka komvetsera mawu mpaka kanakagunda paipi yotenthetsera nyumba ya anthu aja. Kuyambira pamenepo ankamva chilichonse cholankhulidwa m'katimo. Williams anakatsutsa zimenezi ku khoti lalikulu, ndipo majaji onse anagwirizana naye kuti apolisi analowerera nyumba ya munthu mopanda chilolezo. Amene anapulumuka tsiku limenelo anali anthu a juga, koma lamulo limene linakhazikika linateteza khoma la nyumba ya mphunzitsi, m'busa ndi mtolankhani yemwe. Apa ndaona kuti ufulu wa anthu abwino nthawi zambiri umatetezedwa pa milandu ya anthu amene sitingafune kudya nawo m'mbale imodzi.

Funso lachiwiri likundivuta kwambiri: munthu akapambana mlandu, chimapambana ndi choonadi kapena luso la womuimira?

Mu 1957 komiti ina ya Senate inkafufuza katangale m'mabungwe a apantchito, ndipo loya wamkulu wa komitiyo anali Robert Kennedy. Jimmy Hoffa, mmodzi wa atsogoleri a bungwe la madalaivala a malole la Teamsters, anamangidwa pa mlandu wopereka chiphuphu kwa loya wina, John Cye Cheasty, kuti azimubera zinsinsi za komitiyo. Cheasty anakaulula zonse kwa Kennedy ndi apolisi a FBI, ndipo apolisiwo anajambula Hoffa akulandira mapepala. Kennedy anali wotsimikiza mtima kwambiri moti ananena kuti Hoffa akapulumuka, iye adzadumpha kuchokera pamwamba pa nyumba ya malamulo. Williams anapanikiza Cheasty ndi mafunso, n'kuimika Hoffa kuti afotokoze yekha kuti munthuyo anangomulemba ntchito ya uloya. Ku America milandu yotere imagamulidwa ndi anthu wamba 12, gulu limene amalitcha jury. Pa mlanduwu anthu 8 mwa 12 amenewo anali akuda. Tsiku lina m'khotimo munalowa Joe Louis, katswiri wankhonya amene anthu akuda a ku America ankamunyadira kwambiri, ndipo anapatsa Hoffa moni wachikondi anthu onse akuona. Williams ankakana kuti si iye anakonza ulendo umenewo. Mu July chaka chomwecho Hoffa anapezeka wosalakwa, ndipo Williams ananena kuti amutumizira Kennedy parachuti.

Anthu amaseka akamva za parachutiyo, koma ine ndimatsala ndi funso. Ngati umboni unali womwewo, koma Hoffa akanakhala ndi loya wotopa, wosakonzekera, kodi akanatuluka? Williams ankadziwika ndi kukonzekera modetsa nkhawa. Mlandu ukayandikira ankadzitsekera, n'kuwerenga pepala lililonse, n'kuloweza zimene mboni iliyonse inanenapo kale. Limeneli ndi khama, ndipo khama silinyozedwa. Koma ngati khama la munthu mmodzi likhoza kutembenuza chigamulo, ndiye kuti anthu awiri olakwa mofanana akhoza kutuluka pa makomo osiyana, wina kupita kwawo, wina kundende. Hoffa yemweyo anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Teamsters chaka chomwecho, ndipo mu 1964, pa mlandu wina umene Williams sanamuimire, anapezeka wolakwa poyesa kugula anthu a jury. Kodi zimenezi sizikutiuza kanthu za mlandu woyamba uja? Odziwa malamulo ayankha kuti ayi, mlandu uliwonse umaima pa umboni wake. Ndikumva, koma mtima sukukhazikika.

Funso lachitatu: kodi munthu mmodzi angakhale bwanji mbali zonse?

Mu June 1971 nyuzipepala ya Washington Post inapeza zikalata zachinsinsi za boma zokhudza nkhondo ya ku Vietnam, zimene zimatchedwa Pentagon Papers. Khoti linali litaletsa kale New York Times kupitiriza kuzisindikiza, ndipo maloya a Post ankaopa. Mkonzi wamkulu, Ben Bradlee, anaimbira foni mnzake Williams, amene anamulimbitsa mtima kuti asindikize. Mwini nyuzipepalayo, Katharine Graham, anavomera, ndipo pa 30 June khoti lalikulu linagamula mokomera nyuzipepala, majaji 6 kuvomera, atatu kukana. Chaka chotsatira, pa 17 June 1972, anthu asanu anagwidwa atathyola ofesi ya chipani cha Democratic m'nyumba ya Watergate. Kampani ya maloya ya Williams inasumira gulu loyendetsa kampeni ya Pulezidenti Richard Nixon m'malo mwa chipanicho, kufuna chipukuta misozi cha madola 1 miliyoni. Kampani yomweyo inkalangizanso Post, imene atolankhani ake, Bob Woodward ndi Carl Bernstein, ankafukula nkhaniyo. Nixon anamuda Williams kwambiri, moti m'matepi a ku White House a mu September 1972 akumveka akulonjeza kuti athana naye. Amene anachoka pampando ndi Nixon, mu August 1974.

Mpaka apa nkhani ikumveka: Williams anali wa Democratic, ndipo ankalimbana ndi Nixon. Koma taonani zimene zinachitika mu 1975. John Connally, amene anali nduna ya zachuma ya Nixon, ndiponso amene anachoka ku chipani cha Democratic kupita ku chipani cha Republican mu 1973, anazengedwa mlandu wolandira madola 10,000 kuchokera kwa Jake Jacobsen, loya wa bungwe la alimi a mkaka, pothokoza kuti anathandiza kukweza mtengo umene boma linkatetezera mkaka. Amene anamuimira ndi Williams, yemwe pa nthawi yomweyo anali msungichuma wa chipani cha Democratic. Anasonyeza khoti kuti Jacobsen analumbirapo kale kuti Connally anakana ndalamazo, ndipo anasintha mawu atagwirizana ndi boma kuti limuchotsere milandu yake ina. Kenako anaitana anthu oti achitire umboni za khalidwe la Connally: mlaliki Billy Graham, Lady Bird Johnson amene anali mkazi wa pulezidenti wakale, phungu wotchuka wachikuda Barbara Jordan, ndi nduna zakale Dean Rusk ndi Robert McNamara. Mu April 1975 Connally anapezeka wosalakwa.

Mbali imodzi ya mtima wanga ikuti zimenezi n'zokongola. Loya amene amasunga ndalama za chipani chimodzi waimira munthu amene anathawa chipanicho, ndipo wamuimira ndi mtima wonse. Ndiye kuti ntchito waiika pamwamba pa ndale. Mbali ina ikufunsa kuti: kodi ndi anthu angati m'dziko amene angaitane mlaliki wodziwika dziko lonse ndi mkazi wa pulezidenti kuti adzanene kuti iwo ndi anthu abwino? Munthu wogulitsa mumsika akamunamizira, mboni ya khalidwe lake imakhala mnansi wake, amene woweruza sanamumvepo dzina. Kodi mawu a mboni ziwirizi amalemera mofanana?

Funso lachinayi ndi lokhudza milandu imene imathera m'maofesi, anthu asanamve umboni.

Mu 1973 Richard Helms, amene anali atangochoka pa udindo wa mkulu wa bungwe la akazitape la CIA, anafunsidwa ndi komiti ya Senate, atalumbira, ngati bungwelo linayesapo kugwetsa boma la Chile. Iye anati ayi. Pambuyo pake zinadziwika kuti mu 1970 CIA inayesetsa kuletsa Salvador Allende kukhala pulezidenti wa dzikolo. Kunama utalumbira ndi mlandu waukulu. Helms anatenga Williams. Boma la Pulezidenti Jimmy Carter linkadziwa kuti mlanduwo ukazengedwa poyera, loya ameneyu adzafuna zikalata zachinsinsi ndi kuitana akuluakulu ena kuti adzayankhe. Choncho mu 1977 anagwirizana. Helms sanatsutse milandu iwiri yaing'ono yosauza komiti zoona zonse. Jaji Barrington Parker anamudzudzula mwamphamvu, n'kumulipiritsa chindapusa cha madola 2,000 ndi kumupatsa zaka ziwiri zakundende zimene sanakazigwire. Atatuluka panja, Williams anauza atolankhani kuti chigamulocho Helms adzachinyadira, chifukwa anasunga lumbiro lake losaulula zinsinsi. Akazitape opuma pantchito anasonkha ndalama zolipirira chindapusacho.

Makolo athu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Helms anali atakhala pa zinsinsi za boma, ndipo boma linaopa kuswa mkhate wake. Williams anaona pomwe panali mantha a boma n'kupagwiritsa ntchito, monga loya aliyense wochenjera angachitire. Koma iyeyu sanali loya wakunja wongogogoda pakhomo. Chaka chimodzi mlanduwo usanathe, Pulezidenti Gerald Ford anali atamuika m'komiti yolangiza pulezidenti pa ntchito za akazitape. Ndiye ndikufunsa: pamene ankakambirana ndi akuluakulu a boma za Helms, ankamumvera chifukwa cha mfundo zake, kapena chifukwa anali mmodzi wa iwo? Nanga anthu a ku Chile, amene dziko lawo linasokonezedwa, ndi anthu a ku America, amene aphungu awo ananamizidwa, ankawaimira ndani m'chipinda chimenecho?

Kudziwana kumeneku sikunabwere mwangozi. Kuyambira mu 1965 Williams anali pulezidenti wa timu ya mpira wa ku America ya Washington Redskins, imene lero ikutchedwa Commanders, ndipo mu 1979 anagula timu ya baseball ya Baltimore Orioles pa madola 12 miliyoni. Timuyo inatenga chikho cha World Series mu 1983. Pa masewera a Redskins, malo ake okhala kubwalo la masewera ankadzaza ndi maseneta, akonzi a nyuzipepala ndi akuluakulu a boma, ndipo mmodzi wa alendo ake a nthawi zonse anali Earl Warren, amene anali jaji wamkulu wa dziko kuyambira mu 1953 mpaka 1969. Sindikunena kuti pamalopo pankagulidwa milandu. Kuonera limodzi mpira si mlandu. Koma munthu amene waseka naye Lamulungu, ukamuimbira foni Lolemba amayankha msanga. Kodi chilungamo chimatha kukhala chosayang'ana nkhope ngati nkhope zina zimadziwika kale ndipo zina n'zachilendo?

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene chikumuikira kumbuyo Williams komanso makhoti a dziko lake. Sankapambana nthawi zonse. Mu 1967 anaimira Bobby Baker, mlembi wamphamvu wa ku Senate ndiponso mwana wa m'manja wa Pulezidenti Lyndon Johnson, pa milandu ya kuba ndi kuzemba msonkho. Baker anapezeka wolakwa ndipo anakalowa kundende. McCarthy nayenso anadzudzulidwa ngakhale Williams anali pambali pake. Ndiye kuti kudziwana ndi akuluakulu sikunali kiyi wotsegula chitseko chilichonse. Pa mlandu wa Baker, anthu 12 wamba a jury anatha kumvetsera loya wotchuka kwambiri m'dziko, n'kumuuza kuti ayi. Zimenezi zikundipatsa chiyembekezo.

Funso lachisanu ndi la munthu wosauka. Mu 1961 ku Panama City, m'chigawo cha Florida, munthu wina wosauka, Clarence Earl Gideon, anamangidwa pa mlandu wothyola nyumba yosewerera pool. Anapempha khoti kuti limupatse loya, koma linakana. Anadziimira yekha, n'kulandira zaka zisanu. Ali kundende analemba kalata ndi pensulo kupita ku khoti lalikulu, ndipo mu March 1963 majaji onse anagamula kuti munthu wosauka wozengedwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya ndi boma. Mlandu wake utazengedwanso, ali ndi loya, Gideon anapezeka wosalakwa. Munthu yemweyo, mlandu womwewo, khoti lomwelo, chosiyana chinali loya basi. Zimene Williams ankalalikira zinatsimikizika pa munthu amene sakanakwanitsa kulipira ngakhale ola limodzi la Williams. Komatu loya wa boma woimira osauka amakhala ndi mulu wa milandu patebulo, pamene Williams ankatha miyezi akukonzekera mlandu umodzi, ali ndi gulu la maloya omuthandiza. Ufulu wokhala ndi loya ndi wa onse. Kodi ufulu wokhala ndi loya amene ali ndi nthawi yowerenga fayilo yako ndi wa ndani?

Funso lomaliza ndi la mphamvu. Apulezidenti awiri, Ford ndi Ronald Reagan, anamupempha Williams kuti akhale mkulu wa CIA, ndipo anakana maulendo onse awiri. Sanapikisanepo nawo pa chisankho. Sanakhalepo nduna kapena jaji. Komabe apulezidenti a zipani zonse ziwiri ankamufunsa nzeru. Phungu akalakwitsa, anthu amamuchotsa ndi voti. Nduna ikalakwitsa, nyumba ya malamulo imaiitana. Nanga munthu amene alibe mpando, koma mawu ake amamveka m'maofesi onse, ndipo zokambirana zake ndi omulemba ntchito zimatetezedwa ndi lamulo la chinsinsi, amayankha kwa ndani? Mphamvu yotereyi sinathe iye atamwalira. Kampani imene anayambitsa ndi Paul Connolly mu 1967, Williams & Connolly, ilipo mpaka lero. Loya wake Vincent Fuller anaimira John Hinckley, amene anawombera Reagan mu 1981. Brendan Sullivan anaimira Oliver North pa nkhani ya Iran-Contra mu 1987. David Kendall anaimira Pulezidenti Bill Clinton pamene Senate inkamuzenga mlandu mu 1999. Njira imene Williams analambula yakhala msewu umene anthu amphamvu a ku Washington amayendamo zikawavuta.

Williams anadwala khansa kwa zaka 11, anachitidwa maopaleshoni kangapo, ndipo ankabwerera kuntchito mpaka mphamvu zitamuthera. Anamwalira pa 13 August 1988, ndipo laibulale ya zamalamulo pa Georgetown imatchedwa ndi dzina lake. Sindikukayika kuti anali munthu wolimba mtima, wokonda ntchito yake, ndiponso wokhulupirira zimene ankanena. Pa funso langa loyamba wandigonjetsa: munthu wodedwa ayenera kukhala ndi womulankhulira, ndipo loya amene wamuimira asatukwanidwe. Dziko limene maloya amaopa kuimira mdani wa boma ndi dziko loopsa kwa aliyense.

Chimene sichikundichoka ndi chakuti mfundo yake inali ya anthu onse, koma luso lake, nthawi yake ndi mafoni ake zinkafika kwa anthu ochepa. Vuto limeneli si la Williams yekha, ndipo yankho lake si kuchepetsa chitetezo chimene Connally ndi Helms analandira. Yankho ndi kukweza chitetezo cha ena onse: boma lizilipira mokwanira maloya oimira osauka, milandu ya akuluakulu izizengedwa poyera m'malo mothera m'zipinda, ndipo majaji azipewa kuzolowerana ndi maloya amene mawa adzaima pamaso pawo. Inu odziwa malamulo, ngati zimene Williams ankaphunzitsa zili zoona, ndipo ine ndikukhulupirira kuti n'zoona, n'chiyani chikuletsa kuti munthu ngati Gideon aziimiridwa ndi khama lofanana ndi limene anaimiridwa nalo Connally?